Mango ndi malambe

Madzulo a Loweruka lina mu Ogasiti tinasonkhana pabwalo kwa mlongo wanga ku Kanakantapa, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga, kuti tilangize mwana wake wamkazi. Mtsikanayu anali atapeza malo a sukulu ku China kudzera ku bungwe la boma loona za ngongole ndi thandizo la maphunziro apamwamba, lija timangoti HELSB. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu lomwe lino la Chongwe, ndipo iye anakula akuona ndege zikudutsa kumwamba iye ali m'munda ndi amake. Tsopano inali nthawi yake yokwera. Aliyense anabwera ndi mawu ake, ndipo ine ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa zambiri zimene zinkanenedwa ndinauzidwanso pabwalo ngati lomweli ndisanapite ku Russia, kumene ndinakhala zaka 6. Onse ankalankhula mwachikondi. Zina zinali zoona, zina zinali zoona theka, ndipo theka losowalo ndi limene limamuliza mwana akafika kwa eni.

Anayamba ndi mayi wina woyandikana nafe. "Mwanawe," anatero, "kumene ukupitako anthu alibe chikondi. Munthu mumakumana naye pakhomo, osakupatsa moni. Ukadwala udzadwala wekha." Mawuwa ndimawamvetsa, pakuti ndi zimene maso amayamba kuona. Sabata yanga yoyamba ku Russia ndinkapereka moni kwa aliyense, m'basi, m'sitolo, pamakwerero a nyumba yogona ophunzira. Ambiri ankangondiyang'ana nkhope ili gwa, ena n'kutembenukira kumbali. Kwathu munthu akapanda kuyankha moni ndiye kuti muli naye chifukwa, kapena ndi wamwano, ndipo akapitiriza anthu amayamba kumunong'oneza zina. Ndiye ndinkagona ndikudzifunsa kuti anthuwa ndawalakwira chiyani.

Sindinawalakwire kanthu. Ku Russia kumwetulira munthu amene simukudziwana kumaoneka ngati chinyengo kapena kupepera, choncho kumwetulira amasungira anthu awo. Funso lawo lofanana ndi "muli bwanji" salifunsa mwachisawawa, chifukwa wofunsidwayo angathe kukuuzadi zonse: msana umene ukuwawa, ngongole, mwana amene walephera mayeso. Alinso ndi mawu awiri amene sawasokoneza. Munthu amene mumangodziwana, ngakhale mwakhala kalasi imodzi zaka zitatu, amamutcha znakomy. Mawu akuti drug, kutanthauza bwenzi, amapatsa anthu owerengeka m'moyo wonse. Ife timati "mnzanga" kwa munthu amene tapanikizana naye mu minibasi kuchokera pa Chongwe mpaka ku Lusaka, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma nafenso mumtima timadziwa kuti bwenzi la ponda apa nane mpondepo ndi lina.

Akatswiri a za chikhalidwe amakonda kufanizira nkhaniyi ndi zipatso za kwawo. Ine ndimaona kuti mango ndi malambe zikukwanira. Pali anthu onga mango: kunja n'kofewa, kotsekemera, umaluma tsiku lomwelo, koma ukalowa mkati umakumana ndi njere yolimba imene dzino silingaswe. Pali anthu onga malambe: chikamba chake chimafuna mwala, koma chikasweka zonse za mkati ndi zako. Anthu ambiri amene ndinawadziwa ku Russia anali malambe. Ndipo ndinene mosabisa kuti ife ndife mango. Mlendo timamuyalira mphasa, kumuphera nkhuku, kumutcha m'bale, koma nkhani za matenda a m'banja, za ndalama, za chimene chinaphadi malemu uja, timazisunga m'njere, ndipo munthu angakhale nafe zaka khumi osazimva. Palibe chipatso choipa pa ziwirizi. Vuto limangobwera pamene wina aluma lambe ngati mango, dzino n'kuwawa, iye n'kunena kuti chipatsochi sichidyedwa.

Lambe langa linasweka m'chaka chachitatu, mwezi wa Seputembala. Mnyamata wina amene ndinakhala naye benchi imodzi chaka chathunthu, tikumalankhulana za mabuku okha, anandifunsa tsiku lina ngati ndimadziwa kukumba. Mabanja ambiri kumeneko ali ndi kamunda ndi kanyumba kunja kwa mzinda, kamene amati dacha, ndipo nthawi imeneyo ndi yokumba mbatatesi chisanu chisanagwe. Tinakwera sitima m'mamawa. Kumeneko sakumba ndi khasu koma ndi fosholo, ndipo poyamba msana wanga unadabwa, koma dothi ndi dothi. Pofika masana tinali titadzaza matumba angapo. Agogo ake aakazi, amene m'mawa sanandiyankhe kanthu koma kugwedeza mutu, anabwera n'kugwira dzanja langa, kulitembenuza, n'kusisita chikhatho ndi chala chawo. Anapeza kukhakhala kumene khasu la ku Kanakantapa linasiyapo. Ananena kwa mdzukulu wawo kuti uyu ndi munthu wa ntchito. Kenako anatiika patebulo: msuzi wofiira wa bitiruti, buledi wakuda, tiyi ndi jamu wophika okha. Pondipatsa mbale ndinalandira ndi manja awiri, maondo nditapinda pang'ono, monga tinaleredwera. Anaima n'kufunsa kuti ndikuchitiranji choncho. Nditafotokoza m'Chirasha changa chopunduka kuti kwathu wamkulu salandiridwa ndi dzanja limodzi, anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo, mnyamatayo akapita kwa agogo ake ankabwera ndi botolo la nkhaka zoviika m'madzi a mchere, lolembedwa dzina langa pachivindikiro. M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho ndinadwala chibayo. Iye ankabwera tsiku lililonse ndi msuzi wotentha m'fulasiki, n'kukhala pampando osalankhula zambiri, n'kundikoperanso zimene aphunzira m'kalasi. Choncho mayi woyandikana nafe uja ndinawayankha mwaulemu kuti, amayi, za moni mwanena zoona, koma ine ndinadwala kumeneko ndipo sindinadwale ndekha.

Msuweni wake wa mtsikanayo, mnyamata wa foni m'manja nthawi zonse, anali ndi chikhulupiriro cha mbali inayo. "Amalume, masiku ano zinthu zinasintha. Sabata imodzi yokha adzakhala ndi anzake a mitundu yonse. Onani pa Facebook mmene anzathu akusangalalira." Zithunzizo si zabodza, koma chithunzi chimajambulidwa pa tsiku la phwando. Palibe amene amajambula Lamlungu masana ali yekha m'chipinda, akumva anthu akuseka m'chinenero chimene sakuchimva. Mu 2012 Elisabeth Gareis anafalitsa kafukufuku amene anachita pakati pa ophunzira ochokera kunja amene anali ku America, ndipo anapeza kuti pafupifupi 40 mwa 100 alionse analibe bwenzi lapamtima la Chimereka ngakhale limodzi. Ku America komweko, kumene anthu amamwetulira msanga ndi kukuitana ndi dzina lako tsiku loyamba. Jeffrey Hall wa ku yunivesite ya Kansas anayesa kuwerenga nthawi imene ubwenzi umadya, ndipo mu 2018 ananena kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhala limodzi kuti munthu wongodziwana naye akhale mnzako wocheza naye, maola pafupifupi 90 kuti akhale bwenzi, ndi maola opitirira 200 kuti akhale bwenzi lapamtima. Manambalawa si lamulo, koma akunena chinthu chimene aliyense wa ku Kanakantapa akuchidziwa kale, ngakhale sanachiwerengepo.

Pajatu mudzi wathu uno unamangidwa ndi alendo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'nthawi ya Kaunda, boma linatsegula malo ano kuti achinyamata osowa ntchito m'matauni apatsidwe minda, ndipo boma la Japan linadzathandizapo pa chitukuko chake. Anabwera a Chibemba, a Chitonga, a Chilozi, a Chinsenga, a Chichewa, n'kukhala m'dziko la Asoli, eni ake a mwambo wa Chakwela Makumbi. Makolo athu sanakhale mabwenzi chifukwa chakuti boma linawaika moyandikana. Amayi anga ankanena kuti chaka choyamba aliyense ankaphika kuseri kwa nyumba yake, akudabwa ndi ndiwo za mnzake, akudabwa ndi mmene mnzake amalirira maliro, mmene amalankhulira ndi apongozi. Ubwenzi unabwera pozula zitsa, pobwerekana pulawo ndi ng'ombe, podikira pamzere wa kuchigayo, pogona pamaliro a mwana wa munthu amene chinenero chake sankachimva bwino. Maola 200 aja anakwana popanda wowerenga. Lero ana a mabanja amenewo anakwatirana, ndipo Chinyanja chimene timalankhula pano chili ndi mawu a mitundu yonseyo. Mwana wokulira kuno akamapita kunja amanyamula luso limene sadziwa kuti ali nalo: waona ndi maso ake kuti anthu osiyana zinenero amasanduka abale akagwira ntchito imodzi nthawi yaitali.

Pa nkhani yakuti azicheza ndi ndani panabuka kusagwirizana. Amake anati, "Ukafika ufunefune ana a kwathu, uzikhala ndi amenewo basi, ndiwo adzakusunge." Bambo ake aang'ono, amene ndi mphunzitsi, anatsutsa: "Ayi alamu, akatero sadzaphunzira chinenero. A ku Zambia awapewe, apo ayi angotaya ndalama za boma." Onse awiri anagwira mwendo umodzi wa nkhuku yomweyo. Kalekale mu 1977, Stephen Bochner ndi anzake anaona kuti wophunzira wa kunja amakhala ndi magulu atatu a anzake, ndipo gulu lililonse lili ndi ntchito yake. Anthu a kwanu amakusunga mtima. Eni dziko amakuphunzitsa chinenero ndi njira za pamalopo. Gulu lachitatu ndi la alendo anzako ochokera m'mayiko ena, ndipo limeneli ndi limene pabwalo paja palibe analitchula.

Ana a kwanu musawapeputse. Anali mnyamata wa ku Kitwe, amene anafika zaka ziwiri ine ndisanafike, amene anandionetsa kumene amagulitsa majekete otsika mtengo, mmene amalembetsera mapepala okhalira m'dzikomo, ndi chinsinsi chachikulu kuposa zonse: kuti ufa wa tirigu wa mseremsere umene eni ake amaphikira phala la ana, wotchedwa manka, ukauvundula mwamphamvu umagwirana ngati nsima. Si nsima yeniyeni, imamata m'manja ndipo fungo la chimanga palibe, koma tsiku limene tinaidya ndi kapenta amene wina anabwera naye m'chikwama, tinadya mwakachetechete, aliyense maganizo ali kwawo. Pa 24 Okutobala tinkasonkhana kukumbukira ufulu wa dziko lathu, ndipo a ku Malawi ankabwera, a ku Mozambique a ku Tete ankabwera, tonse tikumvana m'chinenero chimodzi. Munthu wopanda malo otere amauma mtima. Choopsa chimangokhala pamene chipinda chimenecho chasanduka dziko lonse. Ndinaona anzathu ena akumaliza zaka zisanu asanalowepo m'nyumba ya mwini dziko, akumangobwereza madandaulo omwewo usiku uliwonse, ndipo pobwerera kwawo zimene ankadziwa za dzikolo zinali zomwe anamva kwa anzawo m'chipindamo.

Gulu lachitatu lija ndi limene linandidabwitsa. Chaka choyamba ku Russia alendo osadziwa Chirasha amakhala m'kalasi yophunzira chinenero asanayambe maphunziro enieni. M'kalasi yathu munali a ku Vietnam, a ku Angola, a ku Syria, a ku Ecuador. Tonse tinali ngati ana akhanda, tikuphonya mawu omwewo, tikusochera m'misewu yomweyo, ndipo palibe amene ankachita manyazi pamaso pa mnzake. Kukhitchini ya onse ndi kumene tinadziwana, chifukwa mbaula zinali zochepa ndipo aliyense ankayenera kudikira mnzake. Podikirapo umalawa za mumphika wa wina. Mnyamata wa ku Angola atandiona ndikuvundula nsima anafuula kuti kwawo imeneyi ndi funje, n'kulanda mthiko kuti andionetse kavundulidwe ka kwawo.

Nkhani imeneyi si yatsopano, ndipo boma lathu la Chongwe lili nayo mbiri. Harry Mwaanga Nkumbula anachoka pa sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana, pomwe pano pali yunivesite, n'kupita ku Makerere ku Uganda mu 1946, kenako ku London. Kumeneko anakumana ndi dokotala wa ku Nyasaland, Hastings Kamuzu Banda, ndipo mu 1949 awiriwa analemba pamodzi chikalata chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mwila wa ku Namwala ndi Mchewa wa ku Kasungu, anthu a mayiko oyandikana, anakagwirana manja kutsidya kwa nyanja. Nthawi zambiri munthu amapita ku Ulaya kapena ku Asia n'kukapezako Africa amene kwawo sankamudziwa.

Pali chikhulupiriro china chimene sichinachokere kumudzi koma m'mabuku, ndipo ophunzira ambiri amauzidwa asananyamuke. Amati miyezi yoyamba imakhala yokoma, zonse zatsopano zikusangalatsa, kenako mtima umagwa pansi, pamapeto pake n'kudzukanso. Ganizoli linachokera kwa Sverre Lysgaard, amene mu 1955 analemba za anthu a ku Norway omwe anakaphunzira ku America. Kwa ena zimayendadi choncho. Koma Colleen Ward ndi anzake atatsatira ophunzira a ku Japan amene anapita ku New Zealand, anapeza mu 1998 kuti nthawi yowawa kwambiri inali yoyambirira yeniyeniyo. Izi ndi zimene ndinafuna kuti mlongo wanga amve kuposa mwana wake. Ndinati, achemwali, akakuimbirani sabata yachiwiri akulira kuti akufuna kubwerera, musathamangire kunena kuti wina wamuchita chipongwe, musamukalipirenso kuti ndi wosayamika. Wafika kumene munthu sadziwa kugula ngakhale sopo. Mumvetsereni, muuzeni za mbuzi zake ndi za mvula, ndipo mumufunse ngati wadya. Ine masiku anga oipitsitsa anali a Disembala woyamba, pamene dzuwa linkatuluka ndili kale m'kalasi n'kulowa ndisanatuluke, kuzizira kukufika madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo pa 25 Disembala anthu anapita kuntchito ngati tsiku wamba, chifukwa Khirisimasi yawo ndi pa 7 Januwale. Usiku umenewo ndinaganiza za mpunga ndi nkhuku za kwathu, ndipo ndinalira. Kulirako sikunatanthauze kuti ndalephera.

Agogo ake a mtsikanayo, amayi athu, anadikira onse amalize. Mantha awo anali akale ndiponso aakulu kuposa ena onse. "Mdzukulu wanga, usakataye mwambo. Ena amapita ali anthu, pobwera sadziwanso kugwada." Ndikanakonda kunena kuti zimenezi sizichitika, koma zimachitika, ndipo tonse tinaonapo wina wobwera ndi mphuno m'mwamba. Komabe zimene ndinakumana nazo ine, ndi anzanga ambiri, n'zakuti mwambo wako umayamba kuuona bwino ukakhala pakati pa anthu amene alibe. Kwathu sindinaganizepo kuti kulandira ndi manja awiri ndi mwambo, ndinkangoti ndi mmene anthu amalandirira. Anachita kundifunsa agogo a ku dacha aja kuti ndidziwe kuti ndi chuma chathu.

Zina zinandisangalatsa chifukwa zinafanana. Chirasha chili ndi ty ndi vy, monga ife tili ndi iwe ndi inu, ndipo wamkulu kapena mlendo sumunena kuti ty mpaka atakuloleza yekha. Anzathu olankhula Chingerezi chokha ankavutika nazo, koma kwa ine zinali ngati ndapeza wachibale m'khamu. Mphunzitsi sumuitana ndi dzina lake lokha, umaphatikiza ndi dzina la bambo ake, ndipo ndinkakumbukira mmene ife timaitanira munthu ndi mfunda wake, a Phiri, a Banda, Nangozo, pofuna kumulemekeza. Polowa m'nyumba amavula nsapato. Popita kwa munthu sapita chimanjamanja. Maluwa amapereka atatu, asanu, asanu ndi awiri, chifukwa awiri kapena anayi ndi a kumanda, ndipo sapatsana moni wa dzanja wina ali mkati wina ali kunja kwa chitseko. Anthu amene tinauzidwa kuti alibe miyambo ndinawapeza ali ndi zoletsa zawo zambirimbiri, ndipo amazisunga monga ife timasungira zathu.

Zina zinandipweteka, chifukwa ndinaona kuti ulemu wanga ukuwerengedwa molakwika. Ife wamkulu akamalankhula timagwetsa maso. Mphunzitsi wina ankaganiza kuti ndikubisa kanthu kapena sindinawerenge, mpaka tsiku limene ndinalimba mtima n'kumufotokozera. Ife munthu akatipempha chinthu chimene sitingathe, sitinena kuti ayi pamaso pake, timati "tiona" kapena "ndiyesetsa", ndipo wa kwathu amamva yekha kuti pamenepa palibe. Mnzanga wa ku dacha uja anandidikira ola lathunthu pachisanu chifukwa ndinati ndiyesetsa kubwera, ndipo atandipeza anandifunsa mosazungulira kuti bwanji sindinangonena kuti sindibwera. Kwa iye kukana poyera ndiko kulemekeza nthawi ya mnzako. Tsiku lina ndinauza mtsikana wa m'kalasi mwathu, atabwera kutchuthi, kuti wanenepa. Kwathu amenewo ndi mawu oyamikira, akuti kwanu anakusamala. Iye anakhala sabata osandilankhula, ndipo zinatengera mnzathu wina kutiyanjanitsa. Ndipo chimbuya, chija Angoni ndi Abemba amanyozana pamaliro ndi paukwati, kupakana ufa, kulandana zinthu mwanthabwala: ine ndi mnyamata wa ku Kitwe uja tikayamba zathu kukhitchini, mnzathu wa ku Vietnam ankaima pakati pathu kuti atileretse, akuganiza kuti nkhonya zatsala pang'ono. Titamufotokozera kuti makolo a mitundu iwiriyi anamenyanapo nkhondo kale, ndipo kunyozanaku ndi njira yosungira mtendere, anakhala chete, kenako anati akanakonda dziko lake likanakhala ndi chinthu chotere.

Pa zonsezi palibe pamene ndinasiya kukhala mwana wa amayi anga. Ndinangophunzira kuti ulemu uli ndi zinenero zambiri, ndipo munthu angathe kulankhula ziwiri. Kwa mphunzitsi wa kumeneko ndinaphunzira kuyang'ana m'maso. Nditabwerera kuno maso anagwa okha pamaso pa amalume anga, maondo anapinda okha.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinafune kuchikometsera, ndipo ndinachinena pamaso pa onse. Si nkhanza iliyonse imene ili "kusiyana kwa chikhalidwe". Tsankho liliko. Mu Epulo 2006 wophunzira wa ku Senegal anawomberedwa n'kufa mumzinda wa St Petersburg, ndipo m'zaka zimenezo ophunzira akuda ankachenjezana za misewu ndi masiku oyenera kukhala m'nyumba. Mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, anthu a ku Africa ambiri anatulutsidwa m'nyumba zalendi ndi m'mahotela mumzinda wa Guangzhou ku China. Nkhondo itayamba ku Ukraine mu Febuluwale 2022, ophunzira a ku Africa anadandaula kuti ankabwezedwa m'mbuyo pokwera sitima ndi pamalire. Mwana akapita kunja ayenera kudziwa kusiyanitsa munthu amene sanamwetulire chifukwa kwawo samwetulira, mwana amene akufuna kugwira tsitsi lake chifukwa sanaonepo lotere, ndi munthu amene akumuda. Woyambayo amafuna kuleza mtima, wachiwiri amafuna kuphunzitsidwa malire, wachitatu amafuna kumuthawa ndi kukanena kwa akuluakulu a sukulu ndi ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Nambala ya ofesi imeneyo ndinamuuza kuti ailembe papepala, osati m'foni mokha. Akuluakulu anati kwa eni kumadyetsa nthanga dzungu ukulifuna, ndipo kudzichepetsa kumeneko n'kwabwino, koma sanati udye zowola.

Moto utayamba kuzilala, anthu akubalalika, mtsikanayo anabwera kudzakhala pafupi nane. "Amalume, nanga ndikafika ndiyambire pati?" Ndinamuuza zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Uziphikira kukhitchini ya onse, osati m'chipinda. Ulowe kagulu kamene kamakumana sabata iliyonse, kaya ndi kwaya, mpira wamanja, kapena kowerengera limodzi, chifukwa maola aja amadzaza pokumana mobwerezabwereza ndi anthu omwewo. Uphunzire mayina a anthu ndi kuwatchula bwino, ngakhale lilime likane, ndipo nawe usalole kuti akusinthire lako chifukwa chakuti likuwavuta. Ukalakwitsa upepese ndi kufunsa kuti kuno mumachita bwanji. Munthu akakuitana kuntchito ina ya manja, kusamutsa katundu, kukonza chakudya cha chikondwerero, upite. Ndipo m'chikwama ndinamuikira mthiko.

Ananyamuka mu Seputembala. Sabata yachiwiri analiradi pafoni, ndipo amake anamuuza za mbuzi. Chakumapeto kwa Novembala, mvula itayamba ndipo tonse tili kalikiliki kubzala, anatumiza chithunzi pa WhatsApp. Ndinapita nacho kwa amayi athu, amene anali pakhonde akusankha mbewu ya mtedza. Pachithunzipo panali tebulo laling'ono, mbale ya masamba, ndi nsima yachikasu, chifukwa ufa wa chimanga umene anaupeza kumeneko ndi wachikasu. Amayi anaiyang'ana n'kunena kuti yafanana ndi ya chaka cha chilala cha 1992, pamene tinkadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Kenako anabweretsa foni pafupi ndi maso. M'mphepete mwa chithunzicho munali manja atatu osakhala a mdzukulu wawo. Dzanja lina linagwira timitengo todyera, lina linali litatema kale nsima ndipo linkayesa kuiumba.

"Limeneli ndi dzanja la mwana wa ndani?" anafunsa amayi. "Mumuuze kuti azimuphunzitsa kuboola pakati ndi chala, kuti msuzi uzilowa."